Makina Omwa m'Ndowa

Ndinatsika pa kabaza m'tauni ya Kasungu
ndalama za soya zili pa mfundo ya chitenje,
msana ukundiwerengera mvula zisanu ndi ziwiri
zomwe ndakwecha khonde ndi bulashi wothothoka,
matope a ku Chankhanga akubwererabe ngati wangongole.

M'sitolo ya hadiweya Yotamu anandiyalira atatu.
Oyamba ofiira, onyezimira ngati galimoto la ukwati,
pa katoni manambala onenepa.
"Awa, mayi, amatsuka ndi machimo omwe."
Ndinawanyamula ndi zala ziwiri.
Kupepuka kwake ngati chipanda chouma.
Kwa a Nalikole kuli ena otere,
anafa Loweruka lachitatu, thovu likadali pa matayala.
Lero m'katoni mwake mumaikira nkhuku.

Achiwiri achikasu, a kunja kwenikweni,
mtengo wake matumba anayi a feteleza.
Ndinawapatsa moni, ndinawadutsa.

Achitatu anali pakona, otuwa, opanda nkhope,
olemera ngati mwana wogona.
Ndinagwada pafumbi, ndinawafunsa ngati mkamwini:
Kwathu mpopi umadontha ngati chimfine.
Kodi umamwa m'ndowa, kapena umafuna madzi othamanga?
Paipi yako ikang'ambika, ina ili pafupi,
kapena mpaka ulendo wa ku Lilongwe?
Kamphira ka pakhosi pako kakadyeka,
ndani m'tauni muno amadziwa m'mimba mwako?

Yotamu anakanda m'mutu,
anaitana a Gwedemula a ku galaja ya kuseri,
manja akuda ndi oyilo, sipanala m'thumba.
Iwo anagogoda, anasuzumira pansi.
"Polumikizira m'pachitsulo apa, si pulasitiki.
Timphira take tilipo pa msika.
Koma musamawagwiritse ntchito mpaka atenthe,
azipuma monga mmene mumapumira inu."
Sindinawauze kuti ine sindipuma.

Ndinati tiyese kaye, ndisanamasule mfundo.
Mnyamata anatunga ndowa,
Yotamu analowetsa pulagi,
magetsi anazima.

Tinakhala pa benchi ola lathunthu.
Ndinagula chimanga chootcha, tinagawana atatu.
A Gwedemula anadandaula za mitengo ya fodya,
Yotamu za lendi.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinadziuza,
ngakhale dzuwa linali litapendeka kale
kulowera ku phiri.

Babu litaphethira, makina anatsokomola kamodzi,
anameza madzi a m'ndowa,
kenako faaa!
mzere woyera pa khoma la sitolo
ngati choko pa bolodi.
Sanalire mokuwa, sananjenjemere, sanadonthe m'khwapa.
Ndinati lembani pa lisiti miyezi isanu ndi umodzi ya galanti,
dzina lanu, ndi chidindo.
Anadula pang'ono mtengo. Ndinatsala ndi ya kabaza
ndi ya sopo.

M'mawa mwake ndinayambira pa sitepe.
Poyamba ndinayandikitsa kwambiri,
penti wa chitseko anasupuka ngati khungwa.
Ndinaphunzira kuima patali.
Ndere zinathawa, matope anayenda m'ngalande,
ana a m'mudadada anadzaza pa mpanda
kupempha kuti ndiwawaze miyendo. Ndinakana.

Pakona pa khonde, pomwe bulashi sinkafika,
madzi anavundukula zolemba.
Msomali unazilemba simenti ikadali yaiwisi:
Lezinati ndi Fulatiyele, ndi chaka chomwe tinalowa,
pambali pake kaphazi ka Msaiwale,
amene pano amavala nsapato zoposa za malemu bambo ake.

Ndinazimitsa makina.
A Gwedemula anati azipuma.
Ndinakhala pa sitepe yonyowa,
chitenje chikumwa madzi,
mpaka a Nalikole anatulukira pa geti
ndi funso lomwe ndinalidziwa kale:
"Mungatibwerekeko Loweruka?"