Kalembera wa pa Chitunda Chotuwa

Mwezi wa Meyi uliwonse timagwada pano,
ine ndi Maite Etcheverry,
m'chipululu cha Nevada, pa chitunda chotuwa ngati phulusa,
timbendera tofiira m'manja,
tikuwerenga nzika zosayenda.

Bakiwiti wam'tchire: dzina lalitali kuposa mwini wake.
Msinkhu wake sudutsa m'kakolo.
Masamba ndi aubweya ngati khutu la mbewa,
pamwamba timipira tachikasu
tonjenjemera mphepo ikangotsokomola.
Dziko lake lonse
ungalizungulire khofi asanazizire m'kapu.
Kuseri kwa phiri ilo kulibe. Ku Utah kulibe.
Ndi pano pokha,
pa dongo limene ngakhale zitsamba zaminga zinalikana.

Zikwi zitatu ndi makumi anayi, anatero Maite chaka chatha.
Lero pensulo yake ikuyenda mozengereza.

Mlongo wanga Wendell amayendetsa chigalimoto
cha kampani yoboola nthaka.
Akuti pansi pa mizu iyi pagona mchere woyera
wopangira mabatire a galimoto zopanda utsi.
"Dziko likupsa, Corinne," amatero tikamadya madzulo,
"iwe uli kalikiliki kulondera udzu."
Sindimuyankha msanga.
Ana ake avala nsapato zatsopano chaka chino,
sukulu ya m'tauni mwathu yatsala ndi kalasi imodzi,
ndipo kupsako nanenso ndimakumva
ndikagwira chitseko cha galimoto masana.

Anayesapo kumusamutsa.
Anatola njere zochepa ngati nthata,
nakazifesa m'nyumba yagalasi ku Reno:
dothi lakuda lonona, madzi pa nthawi yake, mthunzi woyezera.
Zinamera, inde. Zinatalika mopusa,
kenako zinagona chammbali imodziimodzi
ngati odwala m'chipatala chodula.
Chomera ichi sichifuna ulemu wa kwa eni.
Chimafuna njala yakwawo.

Chaka cha chilala tinapeza maenje,
mazanamazana, mizu ili pamtunda yotafunidwa.
Tauni inang'ambika pakati.
Ena amati ndi a kampani, usiku, ndi mafosholo.
Ena amati ndi ife tomwe, pofuna kulira pa wailesi.
Pa positi ofesi moni anatha.
Ine ndi Wendell tinatha milungu isanu
tikupatsirana mchere popanda mawu.
Kenako kamera ya pa mtengo wa mpanda inaulula:
agologolo, nthiti zili poyera,
akufunafuna dontho m'mizu.
Aludzu, ngati tonsefe.

Lamlungu lotsatira ndinamva injini kumunsi.
Anali iye, chipewa chili m'maso, thanki ya madzi kumbuyo.
Sanapepese, nanenso sindinapepese.
Anagwada ndi mawondo ake oipa aja
nayamba kukwirira maenje ndi zikhatho,
limodzi, lina, lina,
mpaka dzuwa linatsamira pa mapiri a California.
Lolemba anabwerera kuntchito yake yoboola.

Sindidziwa adzapambana ndani.
Mapepala ali kukhoti, ndipo mapepala samva fungo
la duwa ili m'mawa, fungo lochepa zedi
loti uyenera kuika mphuno m'fumbi kuti ulipeze.
Kanjuchi kotuwa kamalipeza popanda kugwada.

Zikwi ziwiri, mazana asanu ndi anayi, ndi zisanu ndi chimodzi.
Maite watseka kabuku, akupukuta khosi.
Tikutsika, ndaponda pang'ono n'kuima:
kunja kwa waya, phazi limodzi lokha kuchokera pa mpanda,
m'mphepete mwa mkwasa wa tayala,
timasamba tinayi, tonse pamodzi tosaposa chikhadabo.

"Ameneyo ali kunja kwa mapu," akutero Maite.
"Malamulo samudziwa."

Ndatsala ndi kambendera kamodzi, kothyoka ndodo.
Ndakazika pambali pake,
ndipo ndajambula chithunzi chotumiza kwa Wendell
kuti mawa, pokhota apa,
atembenuze chiwongolero pang'ono kumanzere.