Kudulira

Lachisanu, ana ataweruka,
nditsekera chiperoni kunja kwa mazenera,
ndivundukula nsalu pa makompyuta khumi ndi awiri
omwe anafika kuno ku Chisitu ali okalamba kale,
ena akadali ndi zomata za maofesi a kutsidya kwa nyanja.
Ndidikira teni koloko.
Bandulo ya usiku ndi yokhayo yomwe thumba la sukulu lingakwanitse.

A Mukhwapa, ahedi athu, anandifunsa masana,
makiyi akulira m'manja:
"Mayi Nasiyaya, zinthuzi zikuyenda bwinobwino.
Mukonzeranji chosawonongeka?"
Ndinangoseka. Yankho linandifikira iwo atakwera kale njinga.

Bambo anga anadulira tiyi ku esiteti zaka makumi awiri ndi zitatu.
Sankadikira kuti mtengo udwale.
Mwezi wa Juni, mpeni wokhota m'manja,
ankasadza wobiriwira, wathanzi,
mpaka munda wonse kuoneka ngati wapsa.
Mvula yoyamba ikagwa, nsonga zinkatuluka zanthete.
Ukausiya, ankatero, ukula ndithu,
koma dzanja la wothyola silidzafikaponso.

Sikirini yakuda, kamzere kakuphethira.
Ndilemba mawu ochepa, ndipereka achinsinsi,
makina afunsa kutali: kwagwanji kumeneko?
Mndandanda utsika ngati linthumbu,
mapulogalamu zana ndi makumi anayi ofuna kusinthidwa.
Sindivomera msanga. Ndiwerenga kaye.
Apa wina watseka chibowo
chomwe mbala ikadalowera osagogoda.
Apa wina wakhomerera kadenga ka pa ŵ
komwe kankasowa tikasindikiza mayeso.
Sindiwadziwa anthuwa. Sanandiuze mtengo.
Linakisi ndi ulalo wa matabwa:
aliyense awolokapo,
woona thabwa lawola akhomapo lina,
dzina lake n'kutsala pansi pa tsamba, m'tizilembo tating'ono.

Za ana ndakopera kale pa fulashi,
ndaimangirira pa mfundo ya chitenje:
magiredi a Fomu Folo,
kalata ya Eluby yofunsira malo ku sukulu ya unamwino
yomwe wailemba kanayi.
Ndiye ndivomera. Kamzere kayamba kukwawa.
Theka. Kupitirira theka. Kutsala pang'ono,
thii! magetsi.

Mdima. Achule a m'dambo.
Fungo la tiyi wofota kuchokera ku fakitale.
Ndikhala pa benchi ya ana, mawondo kufika pachifuwa,
ndisenda chinanazi cha masana ndi kuwala kwa foni.

Abwera cha m'ma wani koloko.
Makina adzuka akutsimphina, ntchito ili pakati.
Phata latsopano likana kuona netiweki.
Koma lakale lilipo, silitayidwa tsiku lomwelo,
monga mpeni wakale wa bambo kuseri kwa chitseko
womwe amayi ankati ukungodzaza malo.
Ndidzutsa makina ndi lakalelo,
ndiwauza amalize zomwe anasiya m'kamwa,
ndizimitsa, ndiyatsanso,
ndiwerenga mumtima mpaka makumi atatu.
Ayankha.

Otsalawo sadya bandulo.
Ndiwagawira za woyambayo kudzera pa chingwe,
ngati mitengo ya chinangwa yopemphana pakati pa anansi.
Ya pakona, ya kiyibodi yoguluka dzino,
ichedwa monga mwa masiku onse.
Ndiidikira. Nanenso sindine wa dzana.

Kukucha. Phiri latulutsa phewa limodzi m'nkhungu.
Othyola tiyi adutsa pamsewu, madengu kumsana,
mapulasitiki m'chiuno akuchita phokoso.
Mmodzi andipatsa moni pa zenera,
adabwa nyali ikuyaka m'kalasi Loweruka.

Lolemba ana adzayatsa
ndipo sadzaona chosintha chilichonse.
A Mukhwapa adzati, "Mwaona? Zinali bwinobwino."
Ine ndidzati, "Eya, ahedi."

Ndivundikira nsalu, ndikiya chitseko.
Kwinakwake kumene dzuwa likulowa tsopano
munthu wina wapeza thabwa lina lowola.