Kachidontho

Loweruka ndinatsikira ku Faraday, kunsi kwa mlatho,
kumene makungwa amakulungidwa m'nyuzipepala zakale.
Mayi Khanyile anandipatsa chibenthu chofiirira
natchula dzina lake m'Chizulu. Ndinaluma.
Kuwawa kwake kunandiyankha m'Chichewa:
muwawani.

Lolemba, nsanjika yachisanu ku Braamfontein,
mwinjiro woyera, magolovesi.
Ndasinja, ndaviika mu mowa wosamwedwa,
ndasefa, ndasefanso.
Thumba lonse lija latsala kachidontho
pansi pa kabotolo kochepa ngati chala cha khanda.

Bambo, inu mukanamvetsa.
Munabwera kuno pa ndege ya Wenela,
munaswa miyala ngolo ndi ngolo
kuti wina apeze golide wokwana mphete imodzi.
Munabwerera ku Ntcheu ndi wailesi, jekete lachikopa
ndi chifuwa chimene chinatidzutsa usiku zaka zisanu ndi ziwiri.

Kachilombo kaja ndili nako pano.
Timakaweta m'mbale zagalasi, kamadya pa nthawi yake.
Tawerenga malembo onse a chibadwa chake
ngati kalata ya mdani yogwa m'thumba.
Pali puloteni imodzi imene kamamangira linga lake.
Ndikusaka kiyi woti athyokere m'loko mwake.

Mazana awiri ndi khumi ndi atatu akana.
Refilwe amalemba ziro m'buku n'kupita kukatereka tiyi.
Ena amapha kachilombo, inde,
koma amapheratu ndi maselo a chiwindi,
kutentha nkhokwe pofuna khoswe.

Lero mzere wa pakompyuta wagwada pang'ono.
Pang'ono chabe.
Sindinakuwe. Ndinaphunzira kale:
tibwereza katatu, kenako mbewa, kenako zaka,
ndalama zikatha tilembanso makalata opempha.
Mwina pofika ku chipatala cha ku Ntcheu
ine imvi zidzakhala zili mbuu.

Ndipo akakhala kuti ndi yemweyu,
dzina la Mayi Khanyile lidzalembedwa pati?
Funsoli ndaliika mufiriji pamodzi ndi mabotolo,
silinaume.

Pawindo, kutali uko, milu ya mchenga wachikasu
imene munafukula inu ikufukabe fumbi
kulowera ku Soweto.
Ndazimitsa nyali.
Makina atsala akugwedeza mabotolo usiku wonse,
pang'onopang'ono,
monga amayi ankakusisitirani pamsana
mpaka tambala woyamba.