Titapyola Mtenguleni

Malimu anayi ndinawagula ku Kapata Lachiwiri,
onyezimira mpaka kudziona nkhope,
wogulitsa akulumbira kuti atsika m'lole dzana lomweli.
Ndalama ya soya yonse inathera pompo.
Mnyamata wake anamanga mabawuti ndi phazi,
kudumphira pa sipanala, ndudu ili kukamwa.

M'tauni galimoto inkayenda mwaulemu.
Koma Lachisanu, titapyola Mtenguleni,
singano itakwera kuyandikira zana,
chiwongolero chinayamba kuphiriphitha m'manja mwanga
ngati nkhuku yogwidwa miyendo,
kalilole akundionetsa mabasi awiri pamene panali imodzi.

Atate anali pambali panga.
Tinkapita ku chipatala cha ku Katete
kukafunsa za manja awo,
manja amene zaka makumi atatu anayendetsa malole a thonje
m'matope a ku Lundazi,
lero osatha kufikitsa kapu ya tiyi kukamwa isanatayike.

"Si ine ayi," anatero akuseka, "ine sindinaikhudze."

Kenaka anatsinzina.
"Ukukumva pati, m'manja kapena pampando?"
M'manja.
"Ndiye kuti n'kutsogolo. Tsitsa liwiro."
Ndinatsitsa, kunazilala.
"Kweza." Kunabweranso, singano ili pomwe paja,
ngati wangongole wodziwa tsiku la malipiro.
"Ponda buleki pang'ono. Kwawonjezeka?"
Ayi.
"Mabuleki asiye, alibe mlandu.
Ikukokera kumbali?" Ayi.
"Lisanafike Lachiwiri inkatero?"
Ndinakhala chete. Iwo anatsegula diso limodzi.

Ku Katete, kuseri kwa sitolo ya feteleza,
Yelesani Miti anakweza galimoto pa jeke,
napukusa gudumu ndi dzanja, choko atachigwira pamkombero.
Choko chinalemba mbali imodzi, kwinako osakhudza.
Anavula gudumu, napisa chala pabowo la pakati:
bowo lalikulu, chitsulo chokhalirapo chaching'ono,
mpata wolowa chikhadabo basi.
"Gudumu lanu silinakhale pakati, bwana,
likulendewera pa mabawuti.
Mukamayenda pang'ono limapirira, mukathamanga limaulula."
Anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya,
naika mphete yotseka mpatawo.
Pa makina anamata timitovu titatu,
tochepa ngati nthanga za maungu,
kenaka mabawuti, modumphitsa, ili ndi linzake la kutsidya,
pang'onopang'ono, osakwerapo ndi phazi.

Atate anali pa benchi, akuvomereza bawuti lililonse ndi mutu.

Ku chipatala tinachedwa ndi ola lathunthu.
Dokotala anati atambasule manja,
agwire mphuno, alembe dzina, ayende mpaka pakhomo.
"Kumayamba liti, mukapuma kapena mukagwira kanthu?
Linayamba ndi dzanja liti?"
Atate anandiponyera diso: mafunso omwe aja.
Koma kuno kunalibe mphete, kunalibe kamtovu,
timapiritsi toyera tokha m'kathumba
ndi tsiku lobwereranso, lolembedwa pachikuto cha buku.

Pobwerera dzuwa linali kumsana,
phiri la Mphangwe likuchepa m'kalilole,
limodzi lokha, losagwedezeka.
Singano inafika pa zana. Chiwongolero zii,
ndikanatha kuchigwira ndi zala ziwiri.
Atate anatambasula dzanja lamanja
naliika pamenepo, pafupi ndi langa,
kuti adzimvere okha ntchito ya Yelesani.
Ndipo ndinakumva kunjenjemera kukubwera,
kochepa, kofunda, kukuyenda m'mkombero kufika kwa ine.

Sindinatsitse liwiro.
Sindinafunse kuti n'kutsogolo kapena kumbuyo.
Tinagwira choncho tonse awiri
mpaka magetsi a Chipata anatulukira pansi pa Kanjala.