Envelopu ya Breixo

Lachisanu lomaliza la Novembala
kalaliki watsopano anasokoneza maenvelopu.
Yanga inapita kwa Breixo,
ya Breixo inagwera m'thumba la epuloni yanga,
ndipo ndinakaitsegulira m'basi yopita ku Moaña,
zala zikununkhabe tuna,
mvula ikukwapula galasi monga ichitira kuno ku Galisiya.

Ndinayamba ndaganiza kuti andikweza.
Ndinamwetulira ndekha, chitsiru ine,
mpaka maso anagwera pa dzina.

Breixo. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndine
kugwira mpeni kuti usamudye chala.
Tsiku lake loyamba anasanza kuseri kwa mabokosi a ayezi,
ine n'kumubisa kwa kapitawo,
n'kumuthirira khofi wa m'fulasiki mwanga.
Timaima pa tebulo limodzi, phewa kukhudza phewa,
madzi ozizira omwewo akutilowa m'nsapato,
minga yomweyo ikutibaya.
Koma papepala iye ndi mmisiri,
ine wothandizira.
Ndakhala ndikuthandizira yani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi?

Mayuro 214.
Usiku umenewo ndinawerengera kuseri kwa bilu ya magetsi,
kuchulukitsa ndi miyezi, miyezi ndi zaka.
Linatuluka denga lija limadontha pabedi la mayi anga.
Anatuluka mano amene ndinazulitsa m'malo mowamata,
ndi sukulu ya unamwino imene Uxía anaisiyira panjira.
Pensulo inathyoka ndisanafike pa penshoni.

Lolemba tinabwezerana mapepala pageti.
Sanandiyang'ane.
"Sabela, sindinkadziwa."
"Wadziwa tsopano," ndinatero, n'kupita kukanola mpeni.

Ku ofesi bambo Loureiro anandipatsa mpando wofewa
nandifotokozera pang'onopang'ono, ngati kwa mwana:
amuna amanyamula zolemera.
Ndinaika manja anga patebulo pawo.
Ndinati thireyi ya nsomba zophika ndi makilo makumi awiri,
ndipo siifunsa ngati woinyamulayo amameta ndevu.
Iwo anati palibe lamulo lomwe aphwanya,
palibe amene amalandira pansi pa malipiro ochepetsetsa a boma.
N'zoona.
Anandiyezera pamzere penipeni,
monga timayezera mafuta m'chitini,
osapitirira ndi dontho.

Lachitatu m'mawa, pa bolodi la pakhomo lolowera,
pakati pa chidziwitso cha katemera
ndi malonda a njinga yakale ya winawake,
panakhomedwa pepala la malipiro la Breixo,
dzina losafufuta.
Pofika masana anawonjezekapo awiri:
la Xurxo wa kosungira katundu,
ndi lina lopindidwa pakona kuti dzina lisaoneke.
Amuna ena onse anadutsa akuwerenga zingwe za nsapato zawo.

Ife tinaima pamenepo, magolovesi akudontha.
Belu linalira. Linaliranso.
Ndiye Maruxa,
amene sanatsegulepo pakamwa pamsonkhano wa bungwe ngakhale kamodzi,
amene amapepesa ngakhale kwa chitseko akachigunda,
anavula epuloni yake,
naipinda bwinobwino ngati nsalu ya paguwa,
nakhala pansi, pa simenti yonyowa.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Taima panja pa geti ndi maambulera obwereka,
mbalame za kunyanja zikuzungulira padenga la fakitale,
kudabwa kuti matumbo a nsomba apita kuti.
Breixo amabweretsa buledi, amaima chapatali.
Amuna ena samulonjeranso kumowa.
Sindinamuthokoze. Mwina mawa.

Sindikudziwa ngati tipambana.
Lendi ikufunika pa 5,
ndipo Carmiña wabwerera m'kati dzulo, akulira;
ana ake ndi atatu, sindimuweruza.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti
ming'alu ya m'zala zanga yayamba kutsekeka,
fungo la tuna likuchoka m'zikhadabo,
ndipo mphaka wanga, amene ankandichingamira pamsewu madzulo aliwonse,
dzulo anandinunkhiza dzanja,
nandiyang'ana ngati mlendo,
n'kubwerera kukagona.