Masekondi Anayi

A Kamtedza ananditsegulira chitseko cha m'mbali
nati, "Fulashi ayi. Muno si paukwati."
Magetsi pa Nkhotakota anali atathima chim'mawa.

M'tchalitchi munkanunkha mileme ndi sera,
njerwa zakale zitada ngati chiwindi chootcha.
Ine wojambula za ziphaso pa boma,
wozolowera dzuwa ndi nsalu yoyera kumbuyo kwa mutu,
ndinasanduka mlendo kwa kamera yanga yomwe.

Ndinakweza ISO kupitirira zikwi zitatu,
chithunzi chinatuluka chamchenga
ngati mpunga wosapeta.
Ndinatsitsa.
Ndinatong'ola diso la lenzi mpaka polekezera,
guwa linaoneka, mabenchi apafupi n'kusungunuka.
Ndikasamala zenera, denga limamira mumdima,
ndikasamala denga, zenera limapsa, kuyera mbee.
Usankhe chimodzi, imatero kamera, china chitayike.

Chinatsala n'chikope basi.
Miyendo itatu ndinagulitsa mwana atadwala,
choncho ndinasanja mabuku a nyimbo asanu pabenchi,
kamera pamwamba,
bokosi la machesi kuchirikiza lenzi.

Masekondi anayi.
Ndinagwira mpweya ngati wojambulidwayo ndine.
Yachiwiri isanathe, mayi Esinta anadutsa
ndi tsache lawo, osadziwa kanthu.

Chikope chitatseka, zonse zinabwera:
ming'alu yapakhoma, dontho louma la kandulo,
maina a pamkuwa amene maso anga anakanika kuwerenga,
ngakhale ulusi wa kangaude pamtanda wadenga.
Koma mayi Esinta anali utsi wokhawokha
kupatula phazi limodzi lopanda nsapato,
pomwe anaima pang'ono kutola batani.

"Pepani, ndijambulanso," ndinatero.
Iwo anasuzumira pakagalasi
nthawi yoposa masekondi anga anayi aja.
"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikusesa muno.
Phazilo ndi langa ndithu.
Musafufute."

A Kamtedza ankaliza makiyi pakhomo.
Komiti yokonza denga ndinaijambulira china
chopanda munthu, chakuthwa bwino,
ndipo inalipira theka, lina mpaka lero.

Chautsicho ndinachikhoma m'shopu
pakati pa nkhope zouma za ziphaso,
anthu amene ndinawauza kuti asaphethire.
Obwera amaloza, amafunsa ngati ndi mzukwa.
Ndimati iyayi,
ndi munthu amene anali pa ntchito.