Diso la Kudenga

Ntchito yanga ndi kupachika akazi m'mwamba.
Musadzidzimuke, ndi apulasitiki.
Amafika atakulungidwa kumbuyo kwa lole ya kampani
ndipo ine, Wilfrido Quimí, ndimawatambasula
pamwamba pa msewu waukulu wa mu Guayaquil
kuti agulitse matayala, mowa, sopo wochapira.

Wa mwezi uno ntchafu yake ndi mamita atatu.
Ndaiyeza ndekha ndili lendelende pachingwe.
Ukamuyandikira chonchi alibe khungu,
ndi timadontho chabe, tofiira, tachikasu.
Alibe chipsera cha katemera, alibe thukuta
ngakhale dzuwa lakuno limafewetsa phula.
Mwamuna wa pachikwangwani chinacho wavala jekete,
wagwira kiyi wa galimoto, sakumwetulira.
Iyeyo savulidwa.
Ndapachika ambiri, ndikudziwa.

Mvula ya mu Febuluwale itapeza mabowo m'malata athu
ndinapempha kapitawo chinsalu chotha ntchito.
Anandipatsa nkhope ya mkazi wa mafuta odzola.
Tinaikhomera kunsi kwa malata, kudontha kunaleka,
koma diso lake linalunjika patebulo penipeni,
lalikulu ngati beseni, losaphethira,
kumatiwerengera masupuni a mpunga.

Poyamba tinkaseka.
Kenako Yadira, wa zaka khumi ndi ziwiri,
anayamba kusiya nthochi yokazinga m'mbale.
Tsiku lina ndinam'peza akudziyeza m'chiuno
ndi waya wa chaja ya foni,
atatsina pomwe wathera, maso ali kudenga
ngati mwana wofunsa mphunzitsi kuti, ndakhoza?

Mlongo wake Édison anagwa panjinga,
bondo n'kung'ambika, iye n'kudziluma mlomo.
Ndinati, lira mwanawe, zikuwawa zimenezo.
Anati, pa sewero la usiku lija
bwana uja analasidwa chipolopolo osalira,
ndipo mkazi amene anamuwomba khofi Lachitatu
anadzamupsompsona Lachisanu.
Ananena zimenezi akupukuta magazi ndi sokosi.
Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mayi wawo Maritza amayendetsa basi
kuyambira folo koloko m'mawa.
Zikhatho zake n'zokhakhala, msana umamuvuta,
ndipo palibe anaganizapo zom'pachika pamsewu.
Pawailesi ya m'basimo mnyamata wina amaseka
akazi ogwira chiwongolero,
okwera n'kumaseka naye kumbuyo kwake.
Iye amangosintha giya.
Akafika madzulo amapeza ndaphika nsomba,
ndipo Don Eusebio wa nyumba yoyandikana
amasuzumira pampanda n'kufunsa
kuti buluku amavala ndani m'nyumba muno.
Sindimuyankha. Koma ndinazindikira tsiku lina
kuti ndikamatsuka mapoto ndimatseka zenera.
Ndani anandiphunzitsa manyazi amenewa?

Lamlungu lina Maritza anakwera pampando
hamala ili m'manja.
Sitingachotse, anatero, mvula ikadalipo,
koma tikhoza kum'tembenuza.
Tinazula misomali tonse anayi,
fumbi ndi ndowe za abuluzi zili waa m'tsitsi.
Kuseri kwake n'koyera, kopanda kalikonse.

Ndikanakonda kunena kuti Yadira anamaliza mbale.
Anadya theka.
M'thumba mwake muli foni yong'aluka galasi
yokhala ndi maso chikwi
omwe sindingawazule ndi hamala.
Ndipo masana, dzuwa likalowa m'mabowo a malata,
diso lija limabweranso mwachizimezime,
likuyang'ana kumwamba tsopano,
koma lilipo.

Lolemba ndakweranso, lendi sadikira.
Mpukutu watsopano, mtsikana watsopano,
wagona chammbali pafupi ndi botolo lozizira.
Mwina nayenso ali ndi bambo kwinakwake
amene amadutsa pansi pa mwana wake atawerama.
Basi ya Maritza ikudutsa, ndaimva hutala.
Sindingabayibitse, manja onse ali pachingwe.
Kapitawo akukuwa ali pansi:
Kumanzere pang'ono, Quimí, bere lapendekeka!

Ndikukoka.